Tsiku Limene Anagawana Seva ya Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene abale a bambo anga anapha sukulu yathu ndi manja awo, masana dzuwa likuswa mtengo, popanda wokweza mawu kupatula ine. Papita zaka zambiri, ndakwatiwa, ndili ndi ana, koma ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwirabe. Anzanga a kumpingo amati ndiiwale. Ine ndimati aiwale okha, si bambo awo.

Bambo anali ndi kasukulu kophunzitsa makompyuta pa Boma pa Mwanza, kuseri kwa magolosale, kufupi ndi pamene malole opita ku Mozambique amaima. Kanali kachipinda kamodzi ka malata, kotentha koopsa mwezi wa Okutobala. Munali makompyuta akaunjika asanu ndi imodzi, mabenchi, ndi pulinta yakale yosindikizira masatifiketi. Ophunzira ake anali atsikana omaliza Fomu 4, akalaliki a m'maofesi ndi anyamata ofuna ntchito kwa maejenti a pa boda. Ufa wa pakhomo pathu, yunifolomu yanga, sopo, zonse zinkachokera m'kachipinda kameneko.

Pansi pa tebulo la bambo panali seva. Chinali chibokosi cholemera chachitsulo, cholira ngati kachigayo, ndipo makompyuta onse aja ankadalira icho. Mayina a ophunzira, ntchito zawo, maphunziro onse, zinali mu seva. Ikazima, makompyuta enawo ankangokufunsa dzina n'kukukana.

Kutsogolo kwa sevayo kunali madisiki awiri, iliyonse m'kachitsulo kake kosolola. Bambo anamatapo timapepala, pena analemba kuti YAKALE, pena YATSOPANO. Pa disiki iliyonse panali sisitimu, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makina onsewo. Zinali za mtundu umodzi, koma ina inali yakale, ina ya masiku amenewo. Yakale sanafune kuitaya chifukwa pamenepo ndi pamene panali maphunziro amene analemba okha m'Chichewa kwa zaka zambiri, komanso pulinta ija sinkamva za sisitimu ina. Yatsopano anaiika chifukwa mayeso amene ophunzira ankakalemba ku Blantyre anali atayamba kufunsa zinthu zatsopano. M'mawa uliwonse ukadina batani, pagalasi lakuda pankabwera mizere iwiri, iwe n'kusankha yoti idzuke tsiku limenelo.

Loweruka lina ndinawapeza akupukuta fumbi, lija la ku Mwanza lolowa mpaka m'mano. Anali atasolola disiki yakale n'kuiika patebulo. Atandiona anati, "Esinati, tadina batanilo uone." Ndinadina. Sevayo inalira, galasi linayaka, koma mizere iwiri ija sinabwere. Panangobwera kamzere kamodzi ka Chingerezi, basi, makina n'kuima. Bambo anaseka.

"Waona? Wamng'onoyu sadzuka popanda mkulu wake. Khomo lolowera onse awiri lili pa yakaleyi."

Anaibwezera, tinadinanso, zonse n'kuyenda. Ine ndinaseka nawo, n'kuthamangira kukagula zigumu.

Bambo anadwala nthawi ya dzinja, ndipo matendawo sanatenge nthawi. Tinakawaika kwawo kwa Kanduku. Kumeta kutachitika, akuchimuna anatumiza uthenga woti abwera pa Boma kudzawasudzula amayi ndi kudzaona za katundu. Amayi anawauza ophunzira kuti sukulu itsegulidwanso Lolemba lotsatira, chifukwa mayeso anali pafupi. Amayiwo ankadziwa kuyendetsa sukuluyo. Ankalemba ophunzira, kusindikiza masatifiketi, ndipo oyamba kumene ankawaphunzitsa ndi iwo potsata maphunziro a bambo aja. Sukulu ikanatha kupitirira. Ndikufuna zimenezi zimveke bwino, chifukwa pali anthu mpaka lero amene amati inafa ndi mwini wake.

Tsiku logawana katundu litafika, amene anatsogolera gulu la akuchimunalo anali bambo aakulu, a Lekisoni, mkulu wawo wa bambo anga. Anali munthu wa jekete ya kutchalitchi ndi mawu ofatsa, wopemphera asanamwe ngakhale madzi. Bambo ali moyo sanapondeko pasukulu paja, ankati mng'ono wawo akutaya nthawi ndi zidole. Tsiku limenelo analowa patsogolo, akugogoda mabenchi ndi chala ngati munthu wosankha mavembe pamsika. Pambuyo pawo panali mwana wawo Dalitso, amene anali ndi kabenchi pamsika wa ku Thambani poikira anthu nyimbo m'mafoni. Kumudzi ankamuyesa katswiri wa makompyuta.

"Mlamu," anatero a Lekisoni, "ife si anthu olanda ayi. Zolanda amasiye ndi zachikunja. Tingogawana pakati ndi pakati, aliyense atsale ndi chokumbukira malemu."

Amayi anali atakhala pamkeka pakona, duku lakuda kumutu, maso pansi. Anangoti, "Ndamva, alamu."

Anayamba. Makompyuta atatu uku, atatu uko. Mabenchi chimodzimodzi. Ngakhale makatani anagawana, zenera lina n'kutsala lamaliseche. Ine ndinaima pakhomo ndikudziuza kuti makompyuta atatu ndi sukulube, ophunzira azikhala awiriawiri. Kenako anafika pa tebulo la bambo n'kuwerama.

"Nanga chibokosi ichi ndi chimodzi chokha?"

Apa amayi anadzutsa mutu. "Alamu, chimenecho chokha ndisiyireni. Ndiye sukuluyo imeneyo."

A Lekisoni anakanda chibwano, akuoneka ovutika mumtima ndithu. Anali Dalitso amene anawapulumutsa. Anagwada n'kuwerenga timapepala tija.

"Adadi, musavutike. Muli madisiki awiri umu. Ina yakale, ina yatsopano."

Nkhope ya a Lekisoni inawala. "Ndiye zosavutatu! Mlamu, bokosi lonse likhale lanu. Yatsopanoyonso ikhale yanu, ife sitingakulandeni chatsopano. Titenga yakale yokhayi, yotha ntchito kale, mnyamatayu akaone chochita nayo."

Azakhali ndi ena amene anali pamenepo anavomera ndi mitu, wina mpaka anati a Lekisoni ndi munthu wa Mulungu. Dalitso anagwira kachitsulo ka disikiyo.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pakati pa chipindacho. Ndinangozindikira ndikukuwa. "Musachotse! Mukachotsa imeneyo zonse sizidzuka! Khomo lili pa yakaleyo, bambo anandionetsa!"

A Lekisoni sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa amayi n'kufunsa mofatsa, "Mlamu, mwanayu akulankhula ndi ndani?"

"Ndi mwana, alamu, mukhululukireni."

"Si nkhani ya umwana!" ndinatero ine. "Yatsani muone! Sololani, mudine batanilo, muone ngati iyake!"

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chimenechi. Magetsi analipo tsiku limenelo. Batani linali pafupi ndi bondo la Dalitso. Kudina kokha, aliyense akanaona ndi maso ake. Koma kudina kukanatanthauza kuti akulu amva za mwana, mwana wake wamkazi, pamaso pa anthu. Dalitso anaseka n'kunena kuti disiki iliyonse imayenda payokha, zimenezo ngakhale wa Sitandade 1 amazidziwa. Azakhali anati umu ndi mmene amalankhulira ana oleredwa pa Boma, opanda mwambo, maliro a bambo awo asanazizire.

Amayi anandigwira pamkono, zikhadabo zawo n'kulowa m'mnofu. "Gwada upepese," anandinong'oneza.

"Amayi, koma ndi zoona."

"Ndati gwada."

Ndinagwada pa simenti paja, pamaso pa munthu amene ankang'amba sukulu ya bambo anga, n'kunena kuti pepani bambo aakulu, ndalakwa. Anandisisita kumutu kometedwa kuja n'kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndili chigwadire ndinamva kachitsulo kaja kakuti khethe. Dalitso anaikulunga disikiyo m'pepala la pulasitiki n'kuiponya m'chikwama momwe munali chigwada ndi nsapato zake.

Atangochoka ndinadina batani. Sindinkafuna kupambana mkangano, ndinkapemphera kuti ndikhale wolakwa. Sevayo inalira, galasi linayaka, ndipo kamzere kamodzi ka Chingerezi kaja kanabwera n'kuima pomwepo. Ndinadinanso. Ndinazimitsa pakhoma, n'kuyatsanso. Amayi anaima kumbuyo kwanga.

"Mwaona?" ndinawakalipira. "Mwandigwaditsa chifukwa cha chiyani? Bwanji simunalankhule?"

"Ndikanalankhula akanatenga bokosi lonse," anatero. "Ndi nyumba yomwe."

Mwina ankanena zoona. Tsiku limenelo sindinafune kumva, ndipo ndinakana kudya.

Lolemba ophunzira anabwera. Anakhala awiriawiri pa makompyuta atatu aja, kulemba mayina awo, makina n'kuwakana. Amayi anawapempha kuti apirire sabata imodzi. Ndinawauza amayi kuti tikwere matola tipite ku Thambani tsiku lomwelo, disikiyo tikaitenge, kubweza kwake n'kungoikankhira m'malo mwake. Koma namfedwa sangangodzuka n'kukaitanitsa katundu amene wagawidwa pamaso pa abale. Nkhani yotero imayenda ndi ankhoswe. Amayi anatuma ankhoswe awo. Ankhoswe awo anadikira tsiku la msika kuti akakumane ndi ankhoswe akuchimuna. Akuchimunawo anali kumunda. Atapezeka anati a Lekisoni apita ku maliro ena kutsidya kwa malire, tidikire abwere. Uthenga unkayenda wapansi, mwaulemu, ukupatsa moni nyumba iliyonse, ife tikuyang'ana galasi lakuda.

Ophunzira anayamba kuchepa. Mtsikana wina amene bambo ankamunyadira anabwera kudzatsanzika, akulira, kuti achimwene ake amupezera sukulu ku Blantyre chifukwa mayeso sadikira. Sindinamuyankhe moni. Iye analibe mlandu, koma masiku amenewo ndinkakwiyira aliyense wodutsa pafupi.

Sabata yachitatu ndinalephera kupirira. Ndinanama kuti ndikupita kukwaya, n'kukwera pikapu ya ku Thambani, nditakhala pamwamba pa matumba a feteleza. Msewu wonse ndinkayeseza mawu aulemu. Ndinkati ndikagwadanso ngati n'kofunika, bola ndibwere nayo.

Benchi ya Dalitso sindinaifunse, ndinaimva ndili patali. Chisipika chinkagunda mpaka malata a magolosale kunjenjemera. Iye anali atakhala pa imodzi mwa mabenchi athu, kutsogolo kwa kompyuta yathu, anyamata atamuzungulira ndi mafoni m'manja.

"Ee, sisi Esinati! Mwatiyendera?"

Ndinamupatsa moni bwinobwino. Ndinafunsa za kunyumba. Kenako ndinati ndabwera kudzapempha disiki ija, angotibwereka, tikopere zimene zilimo, tidzabweza.

"Ija? Inalibe kanthu ija, sisi. Ndinaiika mu kompyuta iyi, inangoonetsa buluu n'kuzima. Ndiye ndinaifomata."

"Unaitani?"

"Ndinaipukuta yonse. Pano ndi imene ikuimbayi. Ndi yaikulu bwino, nyimbo zalowa zambirimbiri, mafilimu omwe."

Maphunziro amene bambo anga analemba, liwu ndi liwu, akufunsa amayi kuti kodi mawu akuti awa m'Chichewa tingati chiyani, zaka zonse zija, anali atafufutidwa kuti mulowe nyimbo za m'mabala. Ulemu umene ndinayeseza pa pikapu uja unathera pomwepo. Ndinamutukwana Dalitso, ndinatukwana bambo ake, ndinawatchula afisi odya za amasiye, pamsika, anthu ogula tomato akumva. Ndinakankha chisipika chija, icho n'kugwa chafufumimba m'fumbi, koma chinapitiriza kuimba. Mayi wina wogulitsa usipa anandigwira m'chiuno n'kundikokera kumbali. Dalitso anangoima, kukamwa yasa, ngati sakumvetsa chimene ndikulirira.

"Koma inali yakaletu," anatero.

Ndinafika kunyumba madzulo, nkhope yonse fumbi ndi misozi. Uthenga wa kutukwana kwanga unali utafika kale. Umenewo sunadikire ankhoswe. Amayi sanandimenye. Anangofunsa kuti, "Wapeza?" Nditapukusa mutu analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Patapita mwezi kunabwera a Mwale, mnzawo wa bambo wa ku Blantyre amene ankakonza makompyuta. Anamva mochedwa za vuto lathu. Anatulutsa sidi ya mapulogalamu m'chikwama, kuilowetsa mu seva, kulemba mizere ingapo, ndipo tiyi amene amayi anawapangira asanazizire sevayo inadzuka. Mizere iwiri ija sinabwerenso. Inangolowa mu sisitimu yatsopano, yoyera bwino, yopanda phunziro ndi limodzi lomwe la bambo. Pulinta inakana. M'chipindamo munalibe wophunzira woti aone.

Ndinawafunsa a Mwale kuti chinachitika n'chiyani kwenikweni. Anandifotokozera ngati munthu wamkulu, ndipo ndimawathokozabe.

"Poika sisitimu yatsopano, bambo ako anasiya disiki yakale ili momwemo. Ndiye yatsopanoyo inapeza khomo lilipo kale pa yakale, sinamange lake. Akanayamba aisolola yakaleyo, iliyonse ikanakhala ndi khomo lake. Wina atatenga imodzi, inayo ikanadzuka yokha."

"Ndiye bambo ankadziwa?"

"Ankadziwa. Ndinawauzapo ine, kuti akonze, akoperenso maphunzirowo pena. Anati akapeza mpata." Anapukuta magalasi awo. "Tonse timatero, mwanawe."

Sindinayembekezere kuti mkwiyo wanga ungapeze munthu winanso, koma unamupeza. Ndinakwiyira bambo anga, munthu ali m'manda. Ankawadziwa achimwene awo. Ankadziwa mmene katundu wa malemu amagawidwira kwawo, anaonapo kwa ena. Ankadziwanso kuti moyo wathu wonse wapachikika pa kachitsulo kamodzi kosolola ndi zala ziwiri, ndipo iwo anaona choseketsa. Madzulo amenewo ndinawauza amayi maso ndi maso kuti bambo anatisiya pamtetete, ndipo anachita kudziwa. Ndinkayembekezera khofi.

Amayi anapitiriza kusankha nyemba. "Ukuganiza kuti ine sindiwakalipira?" anatero. "Ndimawakalipira ndikamatunga madzi, ndimawakalipira ndikamasesa. Kungoti sayankha."

Aka kanali koyamba kuseka limodzi chimwalirire bambo, ndipo tinaseka mpaka kulira.

Sukulu sinadzukenso. Amayi anayesa miyezi iwiri, koma wobwera akapeza makompyuta atatu opanda maphunziro ndi satifiketi yosasindikizika, sankabweranso. Chipindacho anatenga wogulitsa matayala. Amayi anayamba kugulitsa manachesi pamsewu, kuthamangira mabasi ndi malole, lichero pamutu. Mayi amene ankaphunzitsa akalaliki a m'maofesi kugwira mawusi ya kompyuta anayamba kuitanidwa kuti "mayi a manachesi, fulumirani" ndi makondakitala a msinkhu wa mwana wawo. Nane ndikaweruka ndinkanyamula langa lichero. Ophunzira akale a bambo akatiiona pa zenera la minibasi ankayang'ana kumbali.

Lero ndimagwira ntchito yosamalira maseva ku Blantyre. Ndikamaika masisitimu awiri pa makina amodzi, ndimayamba ndasolola disiki yoyamba ndi dzanja langa, n'kuiika patebulo pomwe ndikuiona, kenako n'kuika yachiwiri. Ndikamaliza ndimayesa iliyonse payokha, inayo ili kunja. Anyamata a kuntchito amandiseka kuti pali njira zachidule, achemwali mumakonda zachikale. Ndimawasiya aseke. Za nyumba yanga ndi ana anga ndinakonzanso chimodzimodzi, ndikadali ndi mpweya, ndipo abale a mbali zonse ziwiri ndinawauza pamaso, masana, kuti pasadzapezeke wodabwa.

Bambo anga ndinawakhululukira pang'onopang'ono, chifukwa kulakwa kwawo ndi kumene tonse timachita, kuyesa kuti mawa ndi lathu. A Lekisoni ndiye ayi. Kwa zaka zambiri ndinkadikira tsiku limene adzandiitane n'kunena kuti mwana wanga, unkanena zoona, tinalakwa. Ndinkachita kukonzekera mmene ndidzawayankhire.

Chaka chatha tinakumana pa ukwati wina kwa Kanduku. Akalamba tsopano, akuyendera ndodo. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundionetsa kwa anthu, maso akuwala ndi kunyada kwenikweni.

"Uyu ndi mwana wathu, wa makompyuta ku Blantyre. Bambo ake atamwalira ife sitinachite zimene amachita ena. Chatsopano chonse tinawasiyira."

Ndinawayang'anitsitsa kuti ndione bodza pankhope pawo, koma sindinalipeze. Amakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, ndipo amagona tulo tabwino. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene chinandivuta kumvetsa zaka zonsezi. Ine ndinkadikira kuti apepese, pamene iwo, chiyambire tsiku lija, akudikira kuti ndiwathokoze.